Kaukonde ka m'mimba: zoyenera kudziwa munthu akachitidwa opaleshoni ya heniya

 Amene simunamve nkhaniyi pa wailesi, pepala ili ndi lanu. Muwawerengereko agogo ndi ena amene maso awo sakuonanso bwino zilembo.

Lero tikambe za chinthu chimene anthu ena ali nacho m'thupi koma sanachionepo ndi maso: kaukonde kamene achipatala amasokerera m'kati pochita opaleshoni ya heniya. M'midzi mumamveka zambiri. Ena amati kamawola, ena amati kamayenda m'mimba, ena amati bambo akaikidwa kaukonde ndiye kuti za kuchipinda zatha. Chifukwa cha mphekesera zotere, pali abambo amene akukhala ndi chotupa zaka ndi zaka, kuopa mpeni. Tiyeni tisiyanitse zoona ndi zongomva, chifukwa mavuto enieni alipo ndithu, ndipo munthu wowadziwa msanga ndiye amathandizika.

Heniya n'chiyani?

Mimba ya munthu ili ngati thumba la chimanga. Matumbo ali m'kati, ndipo minofu ya pamimba ndiyo nsalu ya thumbalo. Malo ena nsaluyi njopyapyala chibadwire: m'mphechepeche, mbali zonse ziwiri za chinena, ndi pamchombo. Pamene munthu anang'ambidwapo kale, monga mayi amene anabereka kudzera pa opaleshoni, napo pamatha kufooka. Pakabooka, thumbo kapena mafuta a m'mimba amatulukira pabowopo, khungu lokha n'kumaphimba. Ndicho chotupa chija chimene chimaoneka mukaimirira, mukatsokomola kapena mukanyamula katundu, n'kubwerera mukagona chagada. Pa mapepala a chipatala amalemba hérnia. Ife tizingoti heniya. Abambo ndiwo imawagwira kwambiri. Mwa amuna anayi alionse, mmodzi adzakhala nayo ya m'mphechepeche pa moyo wake, pomwe mwa amayi 100 ndi atatu okha.

Kumudzi timasakaniza matenda awiri. Thumba la machende likatupa (mutikhululukire, nkhani ya umoyo siyenda ndi manyazi) timangoti phudzi. Koma kwina amakhala madzi amene adzaza m'thumbamo, ndipo chotupacho sichibwerera ngakhale mugone. Kwina amakhala matumbo amene atsikira m'menemo. Opaleshoni yochotsa madzi sifuna kaukonde. Ana aang'ono a heniya nawo sawaika kaukonde. Tikukamba za akuluakulu.

Thumba likabooka mungalisoke m'njira ziwiri. Yoyamba n'kukoka mbali ziwiri za bowo n'kuzilumikiza ndi ulusi. Umu ndi mmene dokotala wa ku Italy, Edoardo Bassini, anaphunzitsira m'zaka za m'ma 1880, ndipo njira zosoka ndi ulusi wokha zikugwirabe ntchito mpaka lero. Vuto lake mukulidziwa inu amene munasokapo thumba: nsalu yokokedwa mwamphamvu imang'ambikanso pafupi ndi msoko. Njira yachiwiri n'kuika chigamba. Mu 1958 dokotala wa ku America, Francis Usher, anayamba kugamba ndi ukonde wa pulasitiki, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles anafalitsa njira youika popanda kukoka minofu. Njira imeneyi ndi imene yafala m'maiko ambiri. Chaka chilichonse padziko lonse pamachitika maopaleshoni a heniya ya m'mphechepeche opitirira 20 miliyoni, ndipo malangizo amene akatswiri a maiko osiyanasiyana anatulutsa mu 2018 amalimbikitsa kaukonde kwa akuluakulu, chifukwa kamachepetsa ndi theka kapena kuposa mpata woti heniya ibwerere.

Kaukondeko nkofewa, kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo kambiri kamapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa polypropylene. Sikawola, sikachita dzimbiri, ndipo sikafuna kusinthidwa. Pakapita masabata angapo mnofu watsopano umamera kudutsa m'timabowo take, monga mmene dothi limagwirira pa nsungwi za nkhokwe yomata. Kuyambira pamenepo kaukonde ndi mnofu zakhala chinthu chimodzi. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa ndiyo imachititsa kuti kalimbe, ndiponso ndiyo imachititsa kuti kukachotsa ikhale ntchito yaikulu.

Mwina munamvapo kuti madokotala ena amagwiritsa ntchito neti ya udzudzu. N'zoona. Ku Uganda, pa chipatala cha mishoni cha Kamuli, anayesa pa amuna 302. Theka anaikidwa kaukonde ka kufakitale kamene kankagulidwa pafupifupi madola 125, theka linalo nsalu ya neti yosafika dola imodzi. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2016, ndipo patatha chaka magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Koma neti imeneyo inali ya mtundu wosankhidwa, yopanda mankhwala ophera udzudzu, yochapidwa ndi kuphikidwa m'makina a nthunzi a chipatala. Si neti imene mumagonamo kunyumba.

Si chipatala chilichonse chimene chimakhala ndi kaukonde nthawi zonse. Muno mu Mozambique maopaleshoni ambiri a m'maboma amachitidwa ndi a técnico de cirurgia, amene dziko linayamba kuwaphunzitsa mu 1984, ndipo iwo amasankha njira malinga ndi heniya yanu ndi zipangizo zimene zilipo tsikulo. Wosokedwa ndi ulusi wokha sananyengedwe. Chofunika n'chakuti mudziwe njira imene anakuchitirani.

Masiku oyamba

Sabata yoyamba pabala pamapweteka, pamatupa pang'ono, ndipo khungu la m'mphechepeche ndi thumba la machende limatha kuda chifukwa cha magazi amene atsikira m'munsi. Zimaopsa pozipenya koma zimatha zokha. Yendani pang'onopang'ono kuyambira tsiku lotsatira. Kugona tsiku lonse sikuchiritsa bala.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi chotupa chofewa, chosapweteka kwenikweni, chimene chimaoneka pamalo pomwe panali heniya. Munthu amati opaleshoni yalephera. Nthawi zambiri amakhala madzi a m'thupi amene asonkhana mozungulira kaukonde, ndipo thupi limawamwa lokha m'masabata angapo. Kaonetseni kuchipatala kuti atsimikize, koma musalole aliyense kuboola ndi singano, minga kapena jakisoni wa kumudzi. Madziwo ngoyera. Singano ndiyo imalowetsamo tizilombo.

Zinthu ziwiri sizidikira. Ngati papita maola 8 mutachoka pa opaleshoni ndipo mkodzo ukukana kutuluka pomwe chikhodzodzo chadzaza, uzani anamwino nthawi yomweyo. Izi zimachitika kawirikawiri kwa abambo achikulire. Ndipo ngati tchende la mbali yochitidwayo latupa, lauma ndi kupweteka kwambiri m'masiku oyambawa, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafinya: apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse

Bala lililonse lingathe kulowa tizilombo. Zizindikiro zake ndi kufiira kapena kunyezimira kwa khungu kumene kukufalikira, kutentha pabalapo, ululu umene ukukula m'malo mochepa, mafinya, fungo, ndi kutentha thupi. Zimakonda kuyamba pakati pa tsiku lachitatu ndi lakhumi. Ngati tizilomboto tili pakhungu pokha, anamwino amamasula ulusi pang'ono, kutsuka, kupereka mankhwala ngati akufunika, ndipo kaukonde kamapulumuka.

Tikafika pa kaukonde penipeni, nkhani imasintha. Pulasitiki ilibe magazi. Mankhwala amene mumamwa amayenda ndi magazi, choncho amafika movutikira pamene tizilombo tabisala. Tizilomboto timadzimangira kachiphimba koterera pa ulusi wa ukondewo, ngati ndere pa mwala wa mumtsinje, n'kukhala chete. Ndicho chifukwa chake vutoli limatha kuonekera patapita miyezi, ngakhale zaka, munthu ataiwala kale za opaleshoni. Silichitika kwa ambiri, koma likachitika limaoneka motere: pachipsera patuluka kachithupsa, kaphulika, katulutsa madzi kapena mafinya, kauma, ndipo pakapita mwezi kayambiranso. Nthawi zina pamakhala kabowo kakang'ono kamene kamangonyowetsa kabudula tsiku ndi tsiku. Nthawi zina timaulusi ta ukondewo timaonekera.

Munthu wa chilonda chotere amathamangira pamsika kukagula makapisozi anayi kapena asanu. Mafinya amaleka, iye n'kumati wachira. Sanachire. Wangogoneka tizilombo, ndipo tikadzuka mankhwala aja satigwiranso bwino. Ena amatsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pabala, ena amamata masamba, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Zonsezi zimangotseka pakamwa pa chilonda pomwe m'kati mukuwola.

Tinenenso za mphini mosapsatira, ndipo sitikunyoza asing'anga, pakuti ambiri a iwo amatumiza okha odwala kuchipatala. Pamalo pamene pali kaukonde pasatemedwe mphini. Kaukonde ka m'mphechepeche sikali patali ndi khungu, makamaka kwa munthu wowonda, ndipo lumo ndi mankhwala opaka zimatsegulira tizilombo njira. Ngati mukupita kwa asing'anga pa vuto lina, auzeni kuti apa pali chigamba cha chipatala, pasakhudzidwe.

Chilonda chobwerezabwereza pachipsera cha heniya chimafuna kuonedwa ndi wochita maopaleshoni. Nthawi zina amatsegula, kutsuka ndi kupereka mankhwala a nthawi yaitali. Zikakanika amachotsa kaukonde, mbali yake kapena konse. Imeneyo ndi opaleshoni yovuta kuposa yoyamba ija, koma imachiritsa, ndipo ambiri heniya siwabwerera msanga chifukwa chipsera chimakhala chitalimba. Musakoke nokha ulusi umene waonekera.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi osuta fodya, odwala shuga amene sakutsatira mankhwala, onenepa kwambiri, osowa zakudya m'thupi, ndi amene ali ndi HIV koma analeka kumwa ma ARV. Munthu womwa ma ARV mokhulupirika amachitidwa opaleshoni n'kuchira bwino. Musabise, auzeni achipatala. Osuta fodya, kaya wa chingambwe kaya wogula, kuleka masabata anayi opaleshoni isanachitike kumathandiza kuti bala lipole bwino.

Ululu umene sukutha

Vuto lofala kwambiri si mafinya koma ululu. M'mphechepeche mumadutsa timitsempha titatu tonyamula uthenga wa kumva kuchokera ku chinena, ku thumba la machende ndi m'kati mwa ntchafu. Kamtsempha kakagwidwa ndi ulusi, kakadulidwa, kapena kakafinyidwa ndi chipsera chimene chikukhwima mozungulira kaukonde, munthu amamva kuwotcha, kulasa ngati singano, kapena dzanzi. Ena amangomva ngati muli chinthu chouma akawerama kapena akakwera njinga. Mwa anthu khumi ochitidwa opaleshoniyi, pafupifupi mmodzi amamvabe ululu patapita miyezi itatu. Kwa ambiri ndi wopiririka ndipo umachepa m'chaka choyamba. Ndi ochepa amene umawalepheretsa kugwira ntchito. Dziwaninso kuti ululu wotere umagwiranso anthu osokedwa ndi ulusi wokha.

Tikudziwa kuti mwamuna wa kuno sakonda kudandaula. Amalimba mtima, n'kumamwa timapilitsi ta ululu tsiku lililonse kwa miyezi. Paracetamol pa mlingo wake alibe vuto, koma ibuprofen ndi diclofenac womwedwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Ululu ukapitirira miyezi itatu, kapena ukamakula, pitani mukafotokoze bwino: pamene pakupweteka, mmene pakupwetekera, ndi chimene chimauyambitsa. Ululu wa mitsempha uli ndi mankhwala ake osiyana ndi a mutu, ndipo pali jakisoni wochititsa dzanzi kamtsempha kovutako. Kuchotsa kaukonde kapena kudula mitsemphayo ndi njira yomaliza, yochitikira ku chipatala chachikulu, ndipo sionse amene amapeza nayo mpumulo.

Nanga za kuchipinda? Kaukonde sikachotsa mphamvu za bambo, ndipo unyinji wa abambo amaberekabe monga kale. Alipo ochepa amene amamva kupweteka pogonana. Limenelo ndi gawo la ululu womwe uja wa mitsempha, ndipo ndi loyenera kulinena kuchipatala. Inu amayi, mukaona bambo akudzipatula atachitidwa opaleshoni, musafulumire kuganiza kuti apeza wina. Afunseni mofatsa.

Heniya ikabwerera

Imatha kubwerera ngakhale pali kaukonde, kawirikawiri m'mphepete mwake, chifukwa chipsera chikamakhwima kaukonde kamakhwinyata pang'ono. Chimene chimakankha chigamba tsiku ndi tsiku ndi chifuwa chosatha, kudzimbidwa, ndi kukosa mkodzo movutikira kwa abambo achikulire. Chifuwa chopitirira masabata awiri kayezetseni TB, chomwe ndi chinthu choyenera kuchita ngakhale mulibe heniya. Pa za ntchito, zopepuka mungayambe mukangomva kuti thupi lalola. Kugalauza, kudula mitengo, kusenza matumba a chimanga kapena mabelo a fodya, kukoka makoka ndi kupalasa bwato pa Cahora Bassa, tsatirani nthawi imene wokuchitani opaleshoni wanena. Ambiri amati masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Choncho ngati mwapatsidwa mwayi wosankha tsiku, sankhani mutakolola, misewu ili youma, kuti kuchira kusalimbane ndi kupalira ndiponso kuti mitsinje isakutsekereni mukafuna kubwerera kuchipatala.

Za kaukonde koyenda m'mimba

Sikayenda kupita kumtima kapena kumutu. Chimene chimachitika, ndipo n'chapatalipatali, n'chakuti kaukonde kakhudzana ndi thumbo kapena chikhodzodzo, n'kumamatirana nacho kapena kuchikhula mpaka kuchiboola. Zimachitika makamaka ndi kaukonde koikidwa m'kati mwenimweni mwa mimba, monga pa heniya zina za pamchombo ndi za pachipsera cha opaleshoni yakale. Nkhani za milandu ya ku America zimene ena amaziona pa foni zinakula ndi mitundu ina ya ukonde wotere, imene inachotsedwa pamsika mu 2005 ndi mu 2016. Amayi amene mukukakonzedwa heniya ya pamimba, nenani ngati mukufuna kudzaberekanso, chifukwa zimasintha nthawi ndi njira ya opaleshoni.

Tsopano mverani zizindikiro zimene sizigonetsa munthu kunyumba, kaya munachitidwa opaleshoni dzulo, zaka khumi zapitazo, kaya simunachitidwe konse. Chotupa chauma, chikupweteka kwambiri ndipo chikukana kubwerera. Mimba yafufuma ndi kupotokola. Munthu akusanza mobwerezabwereza, makamaka zobiriwira kapena zonunkha. Chimbudzi ndi mpweya zaleka kutuluka. Pabala pakutuluka zonga chimbudzi, kapena mkodzo ukutuluka ndi magazi kapena mpweya. Kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi bala lotupa. Zikatere thumbo lingakhale litatsekeka kapena litakanirira pabowo, ndipo thumbo losowa magazi limayamba kufa m'maola ochepa. Musakankhe chotupacho mwamphamvu. Musamupatse mankhwala otsegula m'mimba, a chikuda kapena ogula. Musamudyetse phala kapena kumumwetsa thobwa kuti apeze mphamvu za ulendo, chifukwa angafunike opaleshoni akangofika. Funani njinga yamoto, ngolo kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mupite ku Centro de Saúde yapafupi kuti akakupatseni guia de transferência ndi kukutumizani kumene kuli ochita maopaleshoni. Banja limene lili ndi munthu wa heniya lisunge padera ndalama ya ulendo umenewu ndi nambala ya mwini njinga yamoto.

Amene muli ndi heniya ndipo mukuzengereza, yerekezani bwino. Opaleshoni yokonzekera, munthu atapita ndi miyendo yake, nthawi zambiri imatha pa ola limodzi ndipo ambiri sagonekedwa tulo thupi lonse. Opaleshoni ya thumbo lokanirira ndiyo imatenga miyoyo, makamaka kwa ife okhala kutali ndi chipatala chachikulu. Amayi, kachotupa kakang'ono m'mphechepeche musakaderere; mtundu umene umakonda kugwira amayi ndi umene umakanirira msanga.

Pepala lanu

Anthu a m'boma lino sitichitidwa opaleshoni malo amodzi. Wina amatumizidwa ku Songo, wina ku Hospital Provincial de Tete, wina amatsata abale kutsidya n'kukachitidwa ku Petauke kapena ku St Francis ku Katete. Vuto likadzabuka patapita zaka zitatu, amene adzakuoneni ndi namwino wina, wa chipatala china, mwinanso wa dziko lina. Iye sangaone kaukonde ndi maso, ndipo chipsera cha wosokedwa ndi ulusi n'chofanana ndi cha woikidwa kaukonde. Akapanda kudziwa, chilonda chanu adzachitenga ngati chithupsa wamba.

Choncho musanatuluke m'chipatala, funsani mwaulemu: "Adokotala, kodi mwandiika kaukonde kapena mwangosoka? Mbali iti? Ndibwere liti kudzachotsa ulusi?" Pemphani kuti alembe pa khadi lanu tsiku, dzina la chipatala, mbali, ndi mtundu wa kaukonde. Pa mapepala a Chipwitikizi mudzaona mawu akuti rede, malha kapena prótese. Pa a ku Zambia ndi ku Malawi amalemba mesh. Wodikira wodwala amve nawo yankho, chifukwa wodwalayo mutu umakhala usanakhazikike. Ulusi wa pakhungu nthawi zambiri umachotsedwa pakati pa masiku 7 ndi 10, ndipo pitani ngakhale bala likuoneka louma.

Pepalalo likulungeni m'pulasitiki, mulisunge pamodzi ndi makadi a sikelo a ana, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Ngati pali foni yojambula, lijambuleni, chithunzicho mutumizirenso mwana kapena mbale wina. Amene munachitidwa kale ndipo pepala linatayika, khalani pansi ndi a m'banja mukumbukire chaka, chipatala ndi mbali, mulembe papepala lina, ndipo mukadzapita ku Centro de Saúde pemphani anamwino akopere zimenezo pa khadi lanu.